Mpanda Umene Ndinaluka ku Kommetjie

Ana inu, ndinakumvani dzulo lija. Musamaganize kuti makutu anatha limodzi ndi mano. Pomwe mumadutsa kudimba kuja mumaseka mpanda wanga, ati agogo akalamba, akuluka mpanda wamipata ngati m'kamwa mwawo momwe. Iwe Tadala ndiwe unayambitsa, usabisale kumbuyo kwa mng'ono wako. Khalani apa mundigwirire luzili, ndikuuzeni kumene ndinakaitenga mipata imeneyo. Ndinakaitenga kutali, ndipo manyazi ake ndimawamvabe mpaka lero.

Ine kuluka ndinaphunzira kwa malume anga a Zakeyu, konkuno ku Dedza, ndevu zisanamere. Masiku amenewo chimanga sichinkagona kuchipinda m'matumba ngati mlendo, mmene mukuchitira inumu. Chinkakhala panja m'nkhokwe, aliyense akuona, ndipo mwamuna ankadziwika ndi nkhokwe yake. Malume ankang'amba nsungwi ndi chikwanje chakale chimene chigwiriro chake anachikulunga ndi mphira wa njinga. Akapititsa nsungwi imodzi, ankaigogoda ndi chibonga mpaka ikhale pa inzake thithithi. Ine ndikaluka, iwo ankalowa m'kati mwa nkhokwe dzuwa lili paliwombo, n'kumazungulira pang'onopang'ono. Akangoona kuwala kukudutsa penapake ankati, "Apa palowa khoswe ndi apongozi ake omwe. Phwasula." Ndinaphwasula kangati, sindingawerenge. Manja angawa anakula akudziwa lamulo limodzi lokha, loti mpata ndi manyazi a mwamuna.

Fodya atatikana zaka ziwiri zotsatizana, ndinakwera basi ya ku Joni imvi zitayamba kale. Anzanga onse m'basimo anali anyamata, ankanditcha mdala. Tinayenda masiku atatu miyendo itatupa, chiponde chimene agogo anu aakazi anandikonzera chinathera m'dziko la Mozambique. Kuchoka ku Joni ndinakweranso ina mpaka ku Cape Town, kumene dziko limathera. Ndinkakhala ku Maitland, amuna anayi chipinda chimodzi, ndipo ndinkadya za maganyu: kukumba, kutchetcha kapinga, kupenta. Kumeneko ngakhale uli ndi zidzukulu, ukagwira fosholo dzina lako ndi gadeniboyi. Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi nyengo. Mvula imagwa mu Juni, yozizira, pamene kuno tikukolola. Mu Disembala, pamene kuno chimanga chili m'maondo, kumeneko kuli gwa, kopanda ngakhale dontho.

Kutchalitchi kwathu ku Maitland ndiko ndinadziwana ndi a Mbewe. Anali munthu wamtali, wofatsa, wochepera ine ndi zaka zingapo. Anabadwira ku Harare. Bambo awo anachoka kuno ku Malawi wapansi ali mnyamata, n'kutchona komweko mpaka imfa, ndiye a Mbewe dziko lino anali asanalione ndi maso. Chichewa chawo chinali chothira Chishona, ine ankanditcha mukoma, ndiye kuti achimwene, ntchito ankati basa, ayi ankati aiwa. Ku Harare anthu ankawati Mnyasa, ife kutchalitchi tinkawati Mzimbabwe. Iwo ankangoseka, koma ndinazindikira mochedwa kuti sizinkawasangalatsa.

A Mbewe ankagwira ntchito ya m'dimba ku Kommetjie, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja yamchere, kwa mayi wina wachizungu wokalamba, wamasiye. Anali atakhalapo zaka zisanu ndi zinayi, iwo ndi akazi awo akugona m'kachipinda ka kuseri kwa garaja. Kale dimba la mayiyo linkatetezedwa ndi mzere wa mitengo ikuluikulu ya pa puloti yoyandikana nayo. Mwini pulotiyo anaigwetsa yonse kuti amange nyumba, ndipo kuyambira pamenepo mphepo inkapsereza chilichonse chimene a Mbewe abzala. Mwana wa a madamu, bambo wa ku Joni, anatopa nazo. Anati akabwera pa Khirisimasi n'kupeza dimba lili mchenga wokhawokha ngati chaka chatha, athira simenti pabwalo ponse. Pa simenti safuna munthu wothirira, ndiye a Mbewe ntchito ithe, kachipinda kaja achokemo.

Anandipeza Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, patangotha chaka chichitikireni mpira wa dziko lonse uja kumeneko.

"Mukoma," anatero, "bambo anga ankanena kuti kumudzi mwamuna aliyense amadziwa kuluka mpanda. N'zoona?"

"Si aliyense," ndinayankha, "koma amene mukulankhula nayeyu amadziwa."

"Ndiye ndawauza kale a madamu kuti ndili ndi mukoma wanga mmisiri. Basa likatha pamene paja, ine ndi amayi a kunyumba tilibe kolowera. Ku Harare kulibe chimene ndinasiya. Ku Malawi sindikudziwako ngakhale mtengo umodzi."

Ine ndinadziguguda pachifuwa pamaso pa anthu. Ndinati munthu woluka nkhokwe mpanda ndi masewera.

Ulendo wa ku Kommetjie unali wakewake. Sitima mpaka m'tauni, sitima ina mpaka ku Fish Hoek, kenako minibasi, imene kumeneko amaitcha tekisi. Sitima yachiwiriyo imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, mwakuti tsiku loyamba funde litawaza madzi pawindo ndinaimirira kufuna kuthawa, amayi ena n'kundiseka mpaka kutsika.

Nditafika ndinafunsa kuti nsungwi zili kuti. Kunalibe. Tsekera kunalibe. A Mbewe ananditengera kuseri kwa mudzi, pamtunda wina wamchenga. Ana inu, zimene ndinaona pamenepo sindidzaiwala. Panali zitsa zosawerengeka za mtengo umene amautcha Port Jackson. Anthu anali ataudula zaka ziwiri zapitazo kuti uthe, poti kumeneko amauona ngati udzu woipa wolanda malo a mitengo yawo. Koma chitsa chilichonse chinali chitatulutsa mphukira, china khumi, china makumi awiri, zowongoka, zazitali kuposa ine, zonenepa ngati chala chachikulu. Zina zinali ngati dzanja langali pamene pamakhala wotchi. Ndinapinda imodzi mpaka nsonga inakhudza pansi, osathyoka. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula. Kuno amayi anu amayenda mtunda kufuna nkhuni, ndipo munthu akadula mtengo amakumbanso chitsa chake kuti awotche makala. Kumeneko mtengo ankauthamangitsa ndi nkhwangwa, iwo n'kumabwerera ndi ana. Mwini malowo titamupempha kuti tidule, anatithokoza ife, n'kutibwereka wilibala.

Tinadula mu Julayi, mvula ikutinyowetsa. Chikwanje umachimenya chokweza, pafupi ndi chitsa, kuti bala likhale lopendekera madzi asakhalepo, chitsa chisaole. Zimenezi a Zakeyu anandiphunzitsa pa bulugamu. Zonenepa zija tinazisongola kukhala nsichi, n'kuzizika mumchenga kufika m'bondo, mtunda wa masitepe makumi anayi mbali imene mphepo imachokera. Zing'onozing'ono tinazipulula masamba, ndipo ndinayamba kuluka zikadali zaziwisi, kutsogolo kwa nsichi iyi, kumbuyo kwa inayo. Ukafika kumapeto umaipotokola mphukira ngati ukufinya chovala, kuti ikhote kubwerera osathyoka. Panalibe msomali ngakhale umodzi, panalibe waya. Ndinasema chibonga changa, mzere uliwonse n'kumaugogoda mpaka ugwirane ndi unzake.

A Mbewe ankandipatsira mphukira, maso ali pa manja anga. Tsiku lina anati, "Mukoma, mphepo ya kuno simunaione bwino. Ku Maitland nyumba zimakutchingani. Ikayamba mu Novembala mudzaidziwa."

"Imachokera kuti?"

Analoza kummwera, chakum'mawa pang'ono.

"Ndiye ndi mwera umenewo," ndinatero. "Mwera ndinabadwa nawo."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya langa lonse.

Titatsala pang'ono kumaliza, a Mbewe anapempha kuti alukeko nawo, akuti afuna manja awo agwire ntchito imene bambo awo ankaisimba. Ndinawapatsa kumapeto, pafupi ndi thanki ya madzi, masitepe asanu okha, kumene alendo sangaone. Ine ndinapita ku ganyu wina masiku awiri. Nditabwerera ndinapeza ataluka ndithu, koma osagogoda. Mphukira zinali zotalikirana, pena zala ziwiri, pena zitatu, ukaima mbali ino n'kumaona thanki mbali inayo. Mtima wa a Zakeyu unandikwera.

"A Mbewe, uwu ndi mpanda kapena mono wovuulira nsomba? Kwathu mwana wa zaka khumi angachite manyazi nawo."

Akazi awo anali pomwepo akuyanika zovala, anamva zonse. A Mbewe anayang'ana pansi, n'kuti, "Aiwa, mukoma, mwanena zoona. Manja anga ndi a m'tauni."

Ndinati ndidzaphwasula ndikapeza nthawi. Nthawiyo sinapezeke, maganyu anandichuluka.

Koma mpanda wanga unakongola, ana inu, ndisaname. Unali wofika m'khosi mwanga, wosalala ngati dengu latsopano, wosadutsa kuwala. A madamu anauyendera ndi ndodo yawo uku akuusisita. Anthu odutsa ndi agalu awo ankaima kuujambula ndi mafoni. Mu Seputembala a Mbewe anabzala matimati, nyemba, sipinachi ndi maungu kuseri kwake, zonse n'kumera bwino. Ine kutchalitchi ndinkayenda ngati ndamanga Nyumba ya Malamulo.

Mphepo inayamba sabata yoyamba ya Novembala. Kuno mphepo yamkuntho imabwera ndi mitambo yakuda, kugunda, kenako mvula, ndipo ikawomba pang'ono imapuma. Ya kumeneko imabwera kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala. Pamwamba pa phiri pokha ndi pamene pamakhala mtambo woyera, ukutsetserekera m'munsi osafika pansi. Ndiye imawomba masiku atatu, anayi, osapuma mpweya ngakhale kamodzi. Nditatsika tekisi Lachinayi la sabata imeneyo, mchenga unkandibaya m'miyendo kudutsa buluku. Ndinaona mayi wina atakumbatira mtengo wa magetsi kudikira kuti adutse msewu. Mbalame za kunyanja zinkakupiza mapiko kulowera kutsogolo koma zikubwerera m'mbuyo. Nyanja yonse inali yoyera ndi thovu mpaka kumene maso amalekeza. Ndinachita mantha, komanso sindinafune kusiya kuyang'ana. Ndinali ndisanadziwe kuti Mulungu ali ndi mphepo yotere m'nkhokwe zake.

A Mbewe ndinawapeza ataima pageti. Sanandilonjere. Anangonditsegulira.

Mpanda wanga unali utagona pansi wonse wathunthu, ngati chitseko chothyoka mahinjesi. Palibe mphukira ngakhale imodzi imene inasololoka. Kuluka kwanga kunagwira ndithu, n'chifukwa chake mphepo itasowa podutsa inautenga wonse, nsichi zina kuthyoka, zina kuzuka ndi mchenga womwe. Unagwera pa matimati ndi nyemba, n'kuziphwanya. Zimene sizinaphwanyike, mphepo inali ikuzipsereza ife tikuona. Pakhomo pa kachipinda kaja ndinaona makatoni atatu opanda kanthu. Akazi a a Mbewe anali atakawapempha kusitolo m'mawa womwewo kuti ayambe kulongedza katundu.

A madamu anatuluka atagwira chipupa, tsitsi lili yakaliyakali. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati m'Chingerezi, "Unali wokongola, Jailosi." Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitandipepukira.

Ndiye ndinatembenukira kuthanki. Masitepe asanu a a Mbewe anali chiimire. Ankagwedezeka, mphepo ikulira mluzu m'mipata muja, koma anali chiimire. Kuseri kwake kunali mizere itatu ya sipinachi, yobiriwira, masamba akungonjenjemera pang'ono. Ndinapita kukanjuta pamenepo. Phokoso linali pamwamba pa mutu wanga, koma pankhope panga pankangofika kamphepo kofewa koti mwana angagone. Ndinaimirira, inandimenya mpaka kudzandira. Ndinanjutanso, bata. Ndinachita zimenezi mwina kasanu, bambo wa imvi, ngati mwana woseweretsa chitseko. Ndinatulutsa dzanja mbali inayo kudzera mumpata, n'kumva mphepo ikulikankha mwaukali, pamene chigongono changa mbali ino sichinkamva kanthu. Inkalowa m'timipata tija n'kugawikagawika ngati ufa m'sefa, ikamatuluka mphamvu zitatha.

Choyamba ndinapsa mtima, sindibisa. Zaka zonse zija ndikuphwasula nkhokwe kwa a Zakeyu, lero andipose munthu amene sanaionepo nkhokwe? Ndinakhala pansi pamenepo mpaka mkwiyo unasanduka manyazi. Khirisimasi inali itatsala masabata asanu ndi awiri, ndipo amene akanagona panja si ine. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinadzuka n'kupita kwa iwo.

"A Mbewe, mundionetse mmene munalukira apa."

"Mukoma, musandiseke lero. Lero lokha."

"Sindikuseka. Ndinakunyozani pamaso pa akazi anu, ndinalakwa. Wagwa ndi wanga. Ndiphunzitseni."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china. Kenako anati, "Ine ndinangolephera kugogoda, mukoma. Chibonga munapita nacho."

Tinaseka tonse awiri pakati pa matimati ophwanyika, kuseka kosakoma.

Mphukira za mpanda wogwa uja zinali zitauma, zikuthyoka ukazipinda. Tinabwerera kumtunda kuja kukadula zina chakumtunda. Podutsa pamene tinadula mu Julayi, ndinaona zitsa zathu zitaphukanso kale, timphukira tofiirira tofika m'chiuno. Miyezi inayi yokha. Ndinangopukusa mutu, nthawi yoima inalibe.

Ndinasiya maganyu ena onse, n'kumakwera sitima ziwiri zija tsiku ndi tsiku. Nsichi tinazizika mozama kufika m'ntchafu, ndipo yachitatu iliyonse tinaichirikiza ndi mtengo wopendekera kumbuyo. Zimenezo zinali zosavuta. Chovuta chinali manja angawa. Mutu unkadziwa kuti pakhale mpata, koma ndikangoyamba kuganiza zina, ndinkapeza ndakanikiza kale mizere itatu. A Mbewe anabisa chibonga, ine n'kuyamba kugogoda ndi chibakera. Mapeto ake anabwera kudzaima mbali inayo ya mpanda. Ndikapititsa mphukira, iwo ankalowetsa zala zawo ziwiri pansi pake, n'kunena kuti, "Menyani tione." Mpanda wonse wa masitepe makumi anayi unayezedwa ndi zala za a Mbewe, mzere ndi mzere, ndipo kangapo ndinawapana mpaka khungu kusupuka. Tikamaliza chigawo, iwo ankathamangira kubzala kuseri kwake tsiku lomwelo: sipinachi, letesi, nyemba zofulumira. Tinamanganso kathandala ka mitengo yomweyo koti nyemba zikwerepo. Mphepo inabweranso kawiri tisanamalize. Ndinkafika m'mawa mtima uli m'mwamba, osafuna kusuzumira pageti.

Mwana wa a madamu anafika kutatsala masiku awiri kuti ikwane Khirisimasi, ndipo sanabwere yekha. Anabwera ndi womanga, tepi yoyezera ili m'chiuno. Tsikulo mphepo inali pachimake. Atatsika galimoto pageti, bamboyo anafuna kuyatsa ndudu. Anakhwatcha machesi, inazima. Wina, inazima. Wachitatu anatchinga ndi manja, inazimabe. Anatukwana pang'ono, ndudu n'kuisiya pakamwa yosayatsa. Ife sanatiyang'ane n'komwe. Analowa m'dimba akuuza womanga uja kumene simenti idzayambire, akuponda m'mbali mwa mizere ya letesi ngati sakuiona. A Mbewe anali pambali panga atagwira payipi yothirira, madzi akungotayikira pa nsapato zawo.

Ali m'kati molankhula, bamboyo anatulutsanso machesi osaganiza, n'kukhwatcha. Moto unayaka, n'kuima chilili. Anasiya kulankhula. Anauyang'ana motowo, n'kuyang'ana m'mwamba kumene nthambo za magetsi zinkalira, n'kuuyang'ananso, mpaka unamuotcha zala. Anazungulira kupita kunja kwa mpanda, malaya ake n'kufufuma ngati akuuluka, anabwerera akupukuta m'maso. Pamenepo m'pamene anaona nyemba zili maluwa pathandala. Analowetsa zala mumpata umodzi, n'kukhala choncho kanthawi. Kenako anatengera womanga uja pambali, analankhulana pang'ono, womangayo n'kukwera galimoto yake tepi isanatambasulidwe. A Mbewe anakhala pa nyumba imeneyo zaka zina zisanu ndi ziwiri, mpaka a madamu anamwalira.

Koma womanga atangochoka, bamboyo anabwera kumene tinaima.

"Anaganiza zosiya mipatayi ndani?" anafunsa.

A madamu analoza ine ndi ndodo. "Jailosi. Ndi mmisiri wochokera ku Malawi."

Ndikanangogwedeza mutu, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo a Mbewe, mmene ndinkawadziwira, sakanatsutsa. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse.

"Ayi, bwana. Wanga unagwa. Uwu ndi wa a Mbewe, ine ndinangowathandiza. Mmisiri wa ku Malawi ndi awa."

Bamboyo anawagwira chanza a Mbewe, chinthu chimene sanachitepo zaka zonse zija. A Mbewe anaika payipi pansi. Anatembenuka n'kupita kukatseka mpopi, ndipo anakhalitsa kumeneko atatifulatira, akupukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi. Nditawatsatira anati, "Mchenga, mukoma. Wandilowa m'maso."

Ndinawavomera. Koma kuseri kwa mpanda umenewo, ana inu, mchenga sunkauluka.